Mkamwini Amene Anatidulitsa Kachewere

Alamu anga a Maynard anayamba ukamwini atachita kale imvi. Kwawo ndi ku Champiti, koma unyamata wawo wonse anauthera pa yunivesite ina ya boma, komwe ankagwira ntchito m'minda yoyeseramo mbewu. Sanali mphunzitsi. Ankaunga mizere, kuthirira, kupopera mankhwala ndi kunyamulira ana asukulu zikwama akamapita kukayeza mbewu zawo. Koma mukanawamva akukamba za malowo, mukanayesa kuti makiyi a yunivesite yonse ankagona m'thumba mwawo. Sankanena kuti kuntchito. Ankati kwathu ku koleji.

Itafika nthawi imene boma linayamba kuuza mayunivesite kuti akula, azidzipezera okha zina ndi zina, akuluakulu a kumeneko anaganiza zochepetsa anthu. Nkhwangwa inayambira pansi, monga ichitira nthawi zonse. A Maynard anawachotsa, ngakhale iwo mpaka lero amati anawapumitsa. Ku Champiti malo anali atagawana kale abale awo, ndiye analongedza katundu ndi akazi awo a Esnath n'kubwera kuno ku Biriwiri, kwawo kwa mkazi, komwe kunali munda ndi dimba.

Ine ndine Sheila, mng'ono wawo wa a Esnath, ndipo ndimagulitsa tomato ndi kabichi kumsewu. Pakamwa panga sipachedwa, zimenezo amadziwa aliyense. A Maynard ndinkawatchula kuti a Pulofesa, iwo n'kumanditchula mkazi wawo wamng'ono wolongolola. Ndi mmene timakhalira pachilamu. Ukhoza kumuuza mlamu wako kuti mutu wake ndi dzungu, anthu n'kuseka, iye n'kubweza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma ukamwini wa munthu wamkulu ndi wowawa. Mnyamata amapirira chifukwa akudziwa kuti adzakula, nanga wa imvi adikire chiyani? Pa milandu ya pabanja a Maynard ankakhala kumapeto kwa mphasa. Mwinimbumba wathu ndi achimwene a Goliati, munthu woseka, wosakonda kukweza mawu, ndipo sankawanyoza alamu awo ngakhale pang'ono. Ankangowamvera mpaka amalize, n'kunena kuti eya alamu, tamva, kenako n'kupitiriza pomwe analekezera. A Maynard akaona munthu akubzala mbatata mothinana ankayamba kuti kwathu ku koleji tinkatere, mwini munda n'kugwedeza mutu uku akubzalabe mothinana. Zinkandimvetsa chisoni nthawi zina, ngakhale kuti inenso ndinkaseka nawo.

Zinthu zinatembenuka tsiku limene m'mudzi munalowa galimoto yoyera yokhala ndi chizindikiro cha yunivesite pachitseko. Inaima pakhomo pa a Maynard penipeni. Munatsika bambo wamtali wovala magalasi, n'kuwakumbatira alamu anga pamaso pa anthu onse, akuwatchula kuti bambo Maynard. Anali Dokotala Austin, mphunzitsi wa zaulimi, amene a Maynard anamudziwa akadali mwana wasukulu wosatha kugwira khasu. Ana anazungulira galimoto ija, akuluakulu ena anayamba kudutsa pakhomopo ngati akupita kwina, ndipo alamu anga nkhope inawala ngati aidzoza mafuta.

Mawa lake adokotala anafotokoza nkhani yawo kwa mbumba yonse. Anati masiku ano nthambi iliyonse ya pa yunivesite inauzidwa kuti izipanga ndalama zakezake, isamangodikira za boma. Nthambi yawo inaganiza zochulukitsa mbewu yabwino ya mbatata ya kachewere n'kumagulitsa kwa alimi m'dziko lonse. Mapiri a kuno ndi ozizira, mbatata imakonda. Iwo atipatsa mbewu yoyambira, ife tibzale m'madimba mwathu mvula ikatha, ndipo pokolola adzagula yonse pamtengo woposa wa kumsewu. Anawonjezera kuti adzatimangira ndi nyumba yosungiramo mbewu. Woyang'anira zonse ndi kulandira mauthenga adzakhala a Maynard, popeza ntchitoyo ankaidziwa kale.

Amene anakayika anali mayi athu aang'ono a Mervis okha, mayi wamasiye amene amalera zidzukulu ndi dimba lakelo. Anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mbatata ya m'dimba ndiyo imatigulira feteleza wa chimanga chaka chilichonse, ndipo wogula timamudziwa, ali kumsewu, timamuona ndi maso. Nanga awa akadzapanda kubwera?

A Maynard anaimirira, chinthu chimene anali asanachitepo pagulu la kuchikamwini.

"Amayi, yunivesite ndi boma," anatero. "Boma silisowa. Ine ndadya kumeneko moyo wanga wonse."

Palibe anawakumbutsa kuti boma lomwelo ndi limene linawachotsa ntchito. Ine zinandifika pamlomo, koma ndinayang'ana galimoto ija n'kuzimeza. Achimwene a Goliati anaseka n'kunena kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, tiyeni tiyese. Mabanja onse a mbumba yathu analowa, ndi a Mervis omwe, kuopa kutsala okha.

Mbewu inabweradi, ndipo inamera mochititsa kaso. Ndinabadwira mu mbatata, koma masamba obiriwira chotero ndinali ndisanawaone. Nyengo imeneyo ndiyo inali ya a Maynard. Ankadzuka m'mamawa n'kuyendera dimba lililonse, akuzula mbewu zodwala, akuonetsa anthu kakwezedwe ka mizere. Anthu omwe aja ankangogwedeza mutu tsopano ankawaitana, a Maynard tabwerani muone tsamba ili. Pa maliro ena anawapatsa mpando, ndipo pa chinkhoswe cha mwana wa achimwene anawapempha kuti alankhule. Analankhula motalika kwambiri, mpaka ndinawakoka jekete. Achemwali anga a Esnath anayamba kuyenda mutu uli m'mwamba popita kutchalitchi.

Pali chinthu chimodzi chimene adokotala ananena pa msonkhano woyamba uja koma anthu sanachiike kumtima. Mbatata ya mbewu siisiyidwa kuti ikule mmene ikufunira. Ikafika pa msinkhu wa dzira la nkhuku, umadula masamba ndi mitengo yake yonse ikadali yobiriwira, kuti ya pansiyo ileke kukula, khungu lake likhwime. Ife kuno timalima mbatata ya kumsewu, imene amagula okazinga tchipisi pa chiwaya, ndipo iwo amafuna ikuluikulu yodzaza dzanja. Kudula mbatata ikadali pakati pa kukula, kwa ife, ndi ntchito ya mdani kapena ya ng'ombe zolowa m'dimba.

Uthenga woti tidule unabwera pa foni yanga, chifukwa ya a Maynard inali itagwera m'madzi. Foni yangayo ili ndi vuto lake, sumva kanthu pokhapokha uikweze mawu, choncho zonse ndinamva ndili chiimire pambali pawo ndi beseni la tomato pamutu.

"Dulani sabata ino, bambo Maynard," anatero adokotala. "Musachedwe, ikula mopitirira. Bajeti yathu yavomerezedwa, galimoto ibwera mukangokumba."

Anthu atamva anazengereza. A Goliati anafunsa ngati sizingatheke kudula theka n'kusiya theka, koma a Maynard anati yunivesite siigula zosakaniza. Anayamba ndi dimba la akazi awo, anthu akuonerera, masamba akugwa ali ndi maluwa. Kenako ena anatsatira. A Mervis anakana kugwira chikwakwa, anati manja awo sangachite zimenezo, ndipo anakakhala pa chulu atafunda chitenje kumutu. A Maynard anawadulira okha dimba lonse, n'kuwauza kuti adzawathokoza.

Tinakumba, tinathira m'matumba, tinayamba kudikira. Galimoto sinabwere. Poyamba adokotala ankayankha foni n'kunena kuti sabata yamawa, kenako anati pali zina zikukonzedwa ku ofesi, kenako foni inayamba kumangoitana. A Maynard ankabwera kwanga madzulo aliwonse kudzabwereka foni, ndipo ine ndinasiya kuwatchula a Pulofesa chifukwa sizinkasekesanso.

Kunja kunayamba kutentha. Nyumba yosungiramo mbewu ija panalibe ndi njerwa imodzi yomwe, ndiye matumba anali m'zipinda zogona ndi m'makhonde. Mbatata inayamba kuphuka, ina kufota, ina kulowa mphutsi. Yobzala chaka chamawa munthu amasunga pang'ono, osati dimba lonse. Achimwene anatenga thumba limodzi n'kupita nalo kumsewu kwa a Swaleh, amene amatigula mbatata chaka ndi chaka n'kumadzaza malole. A Swaleh anapisa dzanja, anatulutsa zingapo, n'kufunsa ngati kwathu kwagwa matenda. Si munthu wankhanza, ndipo anagulako matumba ochepa chifukwa cha chinansi, koma pamtengo wa zotsalira zimene timapatsa ana kuti akawotche. Anati a chiwaya akaona zoterezi amubwezera lole yonse.

Mitambo inayamba kusonkhana cha ku Mozambique, ndipo m'nyumba za mbumba yonse munalibe thumba la feteleza ngakhale limodzi. Apa m'pamene pakamwa pa anthu panatseguka. Ena ankati a Maynard anamva molakwa. Ena ankati palibe anawauza zodula, anangofuna kuonetsa kuti ndi ophunzira. Achimwene a Goliati anasiya kuseka, ndipo munthu woseka akasiya kuseka mudzi wonse umazizira. Anawaitana alamu awo n'kuwauza mofatsa kuti nkhani ndi imodzi yokha. Ngati a yunivesite ndiwo analamula kudula, abwere adzanene okha pamaso pa mbumba, ndipo a Maynard adzakhala opanda mlandu, tsoka ligwera aliyense. Koma ngati anadula mwa nzeru zawo, njira ya ku Champiti akuidziwa. Ine ndinati ndinamva ndi makutu anga, achimwene n'kuyankha kuti akufuna pakamwa pa eni ake.

Achemwali miyendo inali itatupa, ndiye anandipempha kuti ndiwaperekeze amuna awo ku yunivesite. Mu minibasi a Maynard anatsitsimuka. Ankandiuza za kapinga wometedwa bwino, za thirakitala, za mkaka umene ankagawira antchito, ndi kuti ndikaona ndekha kuti malo ngati amenewo sangalephere kugula timatumba ta mbatata. Anati mwina pangokhala munthu mmodzi waulesi amene wakhalira mapepala.

Pageti panali mlonda wa kampani ina, mnyamata woti sanawaonepo. Anawafunsa kuti ndinu ndani ndipo mukufuna chiyani. A Maynard anatchula dzina lawo kawiri, mokweza, n'kumadikira kuti lichite kanthu, koma mnyamatayo anangotiloza pa benchi. Titalowa, ndinaona udzu wofika m'mawondo. Mu holo yaikulu munali phokoso la ukwati, pakati pa sabata ya maphunziro, ndipo mayi wina wosesa anatiuza kuti holoyo amabwereketsa kuti apezeko kangachepe. Minda imene a Maynard anaigwirira ntchito moyo wawo wonse inali itabwerekedwa kwa munthu wina wa bizinesi, ndipo munali soya. Ndinapita pa mpopi kuti ndimwe madzi, mpopi unangolira. Kuseri kwa ofesi tinaipeza galimoto yoyera ija itakhala pa miyala, matayala awiri palibe. A Maynard anaiyang'ana kamodzi n'kufulumiza mapazi ngati sanaione.

Adokotala tinawapeza mu ofesi yawo, ndipo pakona panali mathireyi a mazira amene ankagulitsa kwa anzawo. Atationa anaimirira, magalasi anavula, anavalanso. Sanabise kanthu, zimenezo ndiwayamikire. Anati bajeti inavomerezedwadi, koma kuvomereza ndi kwina, kubwera kwa ndalama ndi kwina. Za boma zimafika mochedwa, zikafika n'zoperewera, ndipo zimathera malipiro. Zimene nthambi yawo inapanga yokha pogulitsa mbande ndi kuyeza nthaka, zomwe anati adzagulire mbatata yathu, zinkasungidwa m'thumba limodzi la yunivesite yonse. A bungwe la madzi atadula madzi ku malo ogona ana asukulu, ana n'kuyamba kuswa mawindo, akuluakulu anapisa m'thumba lomwelo osafunsa mwini. Anatiuza kuti anauzidwa kuti adziimire paokha, koma thumba anagwira ndi ena.

Ine ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati ankadziwa zimenezo pamene ankaimba foni kuti tidule. Anati ankadziwa kuti zinthu sizili bwino, koma ankakhulupirira kuti zikonzeka. Ndinawauza kuti chikhulupiriro chawocho chadya feteleza wa mayi wamasiye. Ndikanapitiriza, koma nditacheuka ndinaona a Maynard. Anali atayang'ana pansi, chipewa chili m'manja, ngati mwana amene walowa m'nyumba n'kupeza bambo ake ali maliseche. Manyazi awo anandigwira inenso.

Pamapeto a Maynard anayankhula motsitsa. Sanapemphe ndalama, sanapemphe galimoto. Anangofotokoza zimene achimwene ananena, n'kuwapempha adokotala kuti abwere adzanene pamaso pa mbumba kuti lamulo lodula linachokera kwa iwo. Adokotala anavomera msanga, anati zimenezo ndiye angathe, abwera Loweruka ngakhale pa ndalama za m'thumba mwawo.

Pobwerera a Maynard ankangoyang'ana pawindo mpaka titadutsa pa boma. Kenako anandipempha kuti za udzu, za mpopi ndi za galimoto ija ndisakauze munthu kumudzi. Ndinawafunsa kuti akubisira ndani, popeza malowo anawataya kalekale ngati makoko a nzimbe. Anati sindingamvetse. Ndinati n'zoona, sindingamvetse.

Loweruka mbumba yonse inasonkhana pakhomo pa achimwene, pansi pa mitengo ya mapichesi. Anabwera ndi ena oti nkhaniyo sinkawakhudza. Anthu ankayang'ana kumsewu kudikira fumbi la galimoto, koma chimene chinatulukira ndi njinga ya kabaza, adokotala ali pambuyo atakumbatira chikwama, thalauza atalipinda, nsapato zili mbuu. Potsika anapunthwa. Anyamata amene anakhala pa ngolo anayamba kuseka chamumtima, ndipo mmodzi anafunsa mokweza ngati galimoto ikubwera pambuyo ndi ndalama. Achimwene anamuyang'ana, iye n'kukhala chete, koma mawu anali atatuluka kale.

Atalonjeredwa, adokotala anaimirira. Anayamba ndi kuthokoza, anazungulira, anakamba za mitengo ya zinthu, mpaka anafika ponena kuti yunivesite pakadali pano ilibe ndalama, ndipo sakudziwa kuti idzakhala nazo liti. Anthu anang'ung'udza. Wina anati bodza, boma lingasowe bwanji. Wina anati ngati afika pokwera kabaza ndiye kuti n'zoona. Za kudula anali asanafikepo.

A Mervis sanadikire kuti apatsidwe mpata. Anayankhula ali chikhalire pa mphasa, osakweza mawu.

"Ndiye mwana wanga, ukutiuza kuti unabwera kudzatipusitsa ulibe kanthu m'thumba? Kuphunzira konseko? Ife osaphunzirafe sitiitana aganyu tilibe chowapatsa."

Panali kuseka kwina kosakoma. Adokotala anaika chikwama pansi, anayang'ana uku ndi uku, ndipo ndinaona mawondo awo akupindika. Ankafuna kugwada pafumbi, pamaso pa anyamata a pa ngolo aja. Ine mumtima ndinati gwadani, gwadani ndithu, kenako munene mawu amene mwabwerera. Panangotsala mawu ochepa kuti alamu anga akhale mfulu.

A Maynard anadzuka mofulumira kuposa msinkhu wawo, anawagwira adokotala pamkono n'kuwaimiritsa. Anawakhazika pampando, anawapatsa chikwama chawo, kenako anatembenukira kwa achimwene.

"Alamu, mlendoyu musamuvutitse. Yunivesite sinalakwe. Iwo anandiuza kuti tidikire kaye mpaka ndalama zioneke. Kudula ndinadula ndine, mwa nzeru zanga. Ndinkafuna muone kuti ndimadziwa."

Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Ndinakuwa kuti limenelo ndi bodza, foni inali yanga, ndinamva ndekha adokotala akuti dulani sabata ino. Ndinawaloza adokotala kuti anene ngati ndikunama.

A Maynard anamwetulira, kumwetulira komwe ankachita tikamanyozana pakhonde.

"Mkazi wanga wamng'onoyu mukumudziwa," anatero. "Akuopa kuti ndikapita asowa womulongolola."

Anthu anaseka. Anaseka ndithu, chifukwa mawu a pakati pa ine ndi a Maynard akhala oseketsa kuyambira tsiku limene anafika, ndipo palibe anaganiza kuti tsiku limenelo angakhale ena. Ndinabwereza, ndinalumbira, ndinatchula ndi tsiku lake, koma ndikamakuwa kwambiri m'pamenenso ankati taonani chilamu chake. Mayi wina anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi, ndikuchititsa manyazi achemwali.

Wotsala anali mmodzi yekha woti akanatha kuwongola nkhaniyo. Achimwene a Goliati anatembenuka n'kuwafunsa adokotala mwaulemu ngati zili choncho. Adokotala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. Anapukuta mbali imodzi, anapukuta inayo. Sanati inde, sanati ayi. Ndakhala ndikuona anthu akuchita zamanyazi kumsewu, oledzera, akuba, ogwidwa ndi akazi a eni, koma sindinachitepo manyazi chifukwa cha munthu wina ngati mmene ndinachitira poyang'ana bambo wophunzira uja akupukuta magalasi oyera kale.

Achimwene anadikira nthawi yaitali, kuposa mmene ankayenera. Ndikuganiza kuti ankadziwa. Koma munthu wavomera yekha pagulu, mlendo sanatsutse, ndipo mawu anali atanenedwa kale kuti wodula mwa nzeru zake atani. Anayang'ana a Esnath, a Esnath anaphimba nkhope ndi mpango. Kenako anati tamva alamu, mvula isanagwe mukhale mutakonzeka. Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, opanda wokondwa, ndipo a Mervis podutsa pafupi ndi a Maynard sanawayang'ane.

Wa kabaza uja anali atapita, choncho adokotala anayenera kuyenda wapansi mpaka kumsewu. A Maynard anawalanda chikwama n'kuchikoleka paphewa, n'kutsogola. Ine ndinawatsatira chapatali, misozi ya ukali ikutsika, ndikufuna kuti mmodzi wa iwo acheuke kuti ndimutukwane. Palibe anacheuka. Anadutsa m'mbali mwa madimba opanda kanthu, wamng'ono pambuyo manja ali m'thumba, wamkulu patsogolo atasenza katundu. Imeneyo inali sabata yomaliza ya a Maynard m'mudzi mwathu. Achemwali anatsala, chifukwa munda ndi dimba zili kuno, ndipo ku Champiti kulibe pogona anthu awiri.

Kumsewu ndinawapeza ataima pafupi ndi sitolo ya a Swaleh. Minibasi inaima, kondakitala akuitanira. Adokotala anayamba kunena kuti bambo Maynard, sindikudziwa kuti ndinene chiyani, koma alamu anga anawadula. Anawapatsa chikwama ndi manja awiri, anawerama pang'ono, n'kuyankhula motsitsa kuti ine ndisamve, koma ndinamva.

"Musadandaule, adokotala. Kumudzi sanadziwe zambiri. Bajeti ya chaka chamawa ikadzatuluka, mudzayambire kwa amayi a Mervis aja."